Soketi ya ma ampere 16 ndi galimoto ya alamu: zolemba za ntchito ya ku Moatize

Sabata yoyamba ya Okutobala, Lachiwiri

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anandiitana ku Moatize kuti ndikaone soketi ya pakhonde lawo, imene inayamba kumveka fungo la pulasitiki yopsa. Patha miyezi iwiri chigulireni galimoto yoyendera magetsi, Nissan Leaf yoyendapo kale yochokera ku Japan, ndipo usiku uliwonse akhala akuitchaja pa soketi yomweyo imene achemwali amalumikizapo simbi akafuna kusita. Ndaganiza zolemba momwe ntchitoyi iziyendera, chifukwa ngakhale ndakoka mawaya m'nyumba zambiri ku Ulongué ndi kuno kumunsi, sindinakumanepo ndi chinthu chokoka magetsi ochuluka kwa maola asanu ndi atatu osapumira.

Nditangofika, alamu ananditengera pakhonde n'kundiloza manambala olembedwa pa pulagi, imene kuno ambiri timaitcha ficha, monga mmene soketi timaitchera tomada. Anati, "Alamu, taonani nokha, apa alemba 16 A, pa tomada alembanso 16 A, buleka nayo ndi ya 16. Ine ndalakwitsa pati?" Sindinawayankhe msanga, popeza pa pepala sanalakwitse chilichonse. Chingwe chawo chotchajira ndi cha mtundu wonyamula m'manja, chokhala ndi kabokosi pakati, chimene akatswiri amachitcha Mode 2. Mbali yolowa m'galimoto ili ndi mutu wa Type 1, umene galimoto zambiri za ku Japan zimabwera nawo, pamene mbali ya kukhoma ili ndi pulagi ya Schuko, ya mapini awiri obulungira ndi timalata ta m'mbali ta terra, kutanthauza waya woteteza wopita pansi. Pa kabokosiko pali batani losankhira kuchuluka kwa magetsi amene galimoto ikoke, ma ampere 6, 8, 10, 13 kapena 16, ndipo alamu, pofuna kuti batire idzaze msanga, anasankha 16 kuyambira tsiku loyamba.

Nditatsegula soketiyo ndinapeza kuti bowo limodzi lada n'kufutukuka, chitsulo chopanira pini chasanduka chabuluu ndipo sichikugwiranso, komanso chikopa cha waya chauma n'kumathetheka mpaka masentimita atatu kuchokera pa sikuluu. Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma limeneli linanunkha, ndipo tiyamike achemwali kuti mphuno zawo zinagwira ntchito imene buleka sinagwire. Ndinadula soketiyo tsiku lomwelo ndipo ndinawapempha kuti galimoto iyambe yaima kaye mpaka Lachisanu.

Lachisanu

Lero ndinatsata waya kuchokera pakhonde mpaka pa bokosi la mabuleka. Ndi wa 1.5 mm², wotalika pafupifupi mamita 18, ndipo mbali yaikulu imadutsa m'paipi pansi penipeni pa malata. Panjira amadyetsanso soketi ya firiji ndi ya kuchipinda kwa ana. Amene anamanga nyumbayi anaika buleka ya ma ampere 16 pa waya ameneyu, zimene sizinavutepo m'mbuyomu popeza simbi imagwira ntchito mphindi zochepa, ndipo imazimitsa yokha ikatentha.

Madzulo ndinakhala pansi n'kuwerengetsera. Waya wa mkuwa wa 1.5 mm² amakaniza magetsi ndi ma ohm pafupifupi 0.012 pa mita iliyonse, ndipo popeza magetsi amapita n'kubwerera, mamita 18 amawerengedwa ngati 36, zimene zikupereka ma ohm 0.44. Pa ma ampere 16, ma volt 7 amatayikira m'njira ndipo wayayo amatulutsa kutentha kwa ma watt oposa 110 usiku wonse. Matebulo a IEC 60364, muyezo wa kakokedwe ka mawaya m'nyumba, amalola waya wotere, wokutidwa ndi PVC ndi kuikidwa m'paipi pakhoma, kunyamula ma ampere 17.5, koma nambala imeneyo ndi ya malo amene mpweya uli pa madigiri 30. Mpweya ukafika 40 timachulukitsa ndi 0.87, ukafika 45 ndi 0.79, ndipo ukafika 50 ndi 0.71. Ndiye kuti pansi pa malata a ku Moatize m'mwezi uno, wayayu ali ndi mphamvu ya ma ampere 12 kapena 14 basi. Ndivomere kuti ndili kwathu ku Angónia, kumene kumazizira mpaka kufuna bulangete, matebulo ochotsera amenewa ndinkangowadumpha, koma m'chigwa cha Zambezi, kumene Okutobala ndi Novembala zimadutsa madigiri 40 masana, mmisiri wowadumpha akusewera ndi moto weniweni.

Alamu anafunsanso chifukwa chimene buleka sinagwere. Ndinawafotokozera kuti buleka, kapena kuti disjuntor monga amalembera m'masitolo, imaona kuchuluka kwa magetsi odutsa, siiona kutentha kwa soketi imene ili mamita 18 kutali nayo. Ya ma ampere 16 inapangidwa kuti isagwe kwa ola lathunthu ngakhale padutse ma ampere 18, ndipo imakakamizidwa kugwa pasanathe ola pokhapokha akafika pafupifupi 23. Soketi ikhoza kusungunuka yonse pa ma ampere 15, buleka ili chete ngati palibe chimene chikuchitika.

Sabata yachiwiri

Sabata ino yonse inapita pa kuyesa, ndipo ndi imene yandiphunzitsa zambiri. Ndinakoka waya wongoyembekezera wa 2.5 mm² kuchokera pa bokosi, ndinakhomera masoketi osiyanasiyana pa thabwa, ndipo madzulo alionse tinkatchaja galimoto pa imodzi, ine ndili ndi mita yopanira pa waya m'dzanja limodzi ndi choyezera kutentha m'dzanja lina. Mpweya wa pakhonde unkakhala pa madigiri 35 kapena 36 nthawi ya 8 koloko usiku.

Ndinayamba ndi soketi yakale imene ndinachotsa kuchipinda kwa ana, ya mtundu womwewo ndi yopsa ija. Pa ma ampere 16 inadutsa madigiri 75 pasanathe mphindi 45, ikukwerabe, ndipo ndinazimitsa. Pa ma ampere 10 inakhazikika cha pa 56, pamene pa 8 inaima cha pa 48. Kusiyana kumeneku sikodabwitsa kwa wodziwa masamu ake, popeza kutentha kumakula molingana ndi ma ampere ochulukitsidwa ndi iwo okha. Kuchoka pa 8 kufika pa 16 sikuwirikiza kutentha kawiri, koma kanayi, ndipo kuchoka pa 10 kufika pa 16 kumakuwirikiza kawiri ndi theka. Pokhudzana pini ndi chitsulo chopanira pakakhala dzimbiri kapena kulobodoka kokwana ma ohm 0.02 okha, pamalo pang'ono ngati njere ya mapira pamatuluka ma watt 5, otsekeredwa m'pulasitiki mopanda kothawira. Choipa kwambiri n'chakuti vutoli limadzidyetsa lokha: kutentha kumafooketsa chitsulo chopanira, chitsulo chofooka chimagwira molobodoka, ndipo kulobodokako kumabala kutentha kwina.

Usiku wachitatu ndinaika soketi yatsopano ya Schuko, yolemera bwino m'dzanja, imene ndinakagula mu mzinda wa Tete. Imeneyi inapirira. Pa ma ampere 16, patatha maola atatu, inali cha pa madigiri 66, ndipo pa 10 inali cha pa 48. Alamu anasangalala nati nkhani yatha, koma ine sindinakhutire. Muyezo wa masoketi a m'nyumba, IEC 60884, umalola kuti polumikizira waya patenthe mpaka madigiri 45 pamwamba pa mpweya wozungulira, ndipo mayeso a kutenthako amachitika kwa ola limodzi pa soketi yatsopano. Tikaphatikiza 45 ndi 36 ya pakhonde lathu tafika 81, pamene PVC ya waya inapangidwira madigiri 70. Chimene 16 A yolembedwa pa soketi ikunena n'chakuti soketiyo, ili yatsopano, inakhoza mayeso a m'fakitale. Siikulonjeza kuti idzachita chimodzimodzi usiku uliwonse kwa zaka zitatu, italowa fumbi la malasha la ku Moatize ndi kuzulidwa maulendo mazanamazana.

Nkhani imeneyi si yathu yokha. Ku Germany, kwawo kwa pulagi ya Schuko, zingwe zambiri zobwera ndi galimoto zimaima pa ma ampere 10, kumene kuli 2.3 kW. Ku France, pa soketi wamba amatsikira pa 8, ndipo kampani ya Legrand inachita kupanga soketi yolimbitsidwa yotchedwa Green'Up kuti galimoto ikoke oposa pamenepo. Ku Britain pulagi yawo ndi ya ma ampere 13, koma zingwe zotchajira zimakoka 10. Ku United States lamulo la mawaya limati chinthu chokoka magetsi kwa maola atatu kapena kuposa chisapitirire magawo 80 pa 100 a mphamvu ya buleka yake. Maiko onsewa amazizira kuposa Tete, ndiye ife tilibe chifukwa chodziyesera olimba mtima kuposa iwo.

Lachinayi ndinayesa mwachidule soketi ya mabowo ambiri, imene amati imalandira pulagi iliyonse. Masoketi amenewa ndi ofala kuno chifukwa katundu wathu amachokera mbali zonse: wa mapini obulungira a ku Ulaya, wa mapini atatu aakulu a ku South Africa, ndi wa mapini atatu afulati amene timabwera nawo kuchokera ku Malawi kudzera pa Zóbuè kapena pa Calómuè. Kabokosi ka chingwe kanakana kuyamba, kakuonetsa nyali yofiira, ndipo kanachita bwino. Pulagi ya Schuko imagwira terra ndi timalata ta m'mbali, ndipo soketi ya mabowo ambiri ilibe chokhudza timalatato, choncho galimoto ikanatchajidwa yopanda waya wopita pansi. Kuwonjezera apo, bowo limene lasemedwa kuti lilandire pini yobulungira ndi yafulati yomwe silingagwire iliyonse mwa izo mokwanira. Mnyamata amene ndimagwira naye ntchito anapereka maganizo oti tiike adaputa, ndipo ndinamuuza kuti adaputa iliyonse ikuwonjezera malo ena awiri okhudzana, kumene kuli kuwonjezera mbaula ziwiri. Za ekisitenshoni yokulunga pa gudumu sindinayese n'komwe, popeza opanga ake amalemba okha pambali kuti ikakhala yokulunga imanyamula pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a mphamvu yake.

Pulagi ya ku Malawi ija ndinaisiya dala. Ili ndi fyuzi ya ma ampere 13 m'kati, imene imateteza chingwe bwino lomwe, koma fyuziyo payokha imatentha ikamagwira ntchito pafupi ndi malire ake, ndipo timapanira take tiwiri ndi malo enanso olobodoka. Ya ku South Africa ya mapini aakulu ili ndi chitsulo chochuluka pokhudzana, ndipo ndikanakakamizidwa kusankha pakati pa mapulagi a m'nyumba okhaokha, mwina ndikanatenga imeneyo, koma nayonso inapangidwira ketulo ndi simbi.

Sabata yachitatu

Tinakhala pansi atatu, alamu, achemwali ndi ine, kuti tigwirizane zochita ndalama zisanatuluke. Ndinawafunsa alamu mtunda umene amayenda pa tsiku, ndipo anati kuchoka ku Moatize kupita ku Tete, kuzungulirako ndi kubwerera, sizidutsa makilomita 60. Ndi makina oziziritsira oyaka, zimenezo ndi mayunitsi pafupifupi 10. Pa ma ampere 8 ndi ma volt 230 galimoto imalandira 1.84 kW, ndipo tikachotsa zotayikira m'chaja ya m'kati mwa galimoto, mayunitsi 10 amabwerera m'batire m'maola asanu ndi awiri. Akailumikiza 9 koloko usiku, tambala woyamba asanalire kawiri yatha. Kwa miyezi iwiri yonseyi akhala akuotcha soketi kuti galimoto idzaze 1 koloko usiku, kenako n'kungokhala mpaka kucha. Achemwali anaseka nati, "Bambo a kuno ndi choncho, nsima ikadali pamoto iwo asamba kale m'manja."

Komabe alamu anali ndi mfundo yomveka. Masiku ena amabwera batire itatsala pang'ono kutha ndipo m'mawa mwake ali ndi ulendo wina wautali, ndiye kudzaza mayunitsi 30 pa ma ampere 8 kungafune maola oposa 18. Pa 16, kumene kuli pafupifupi 3.7 kW, usiku umodzi ukwanira. Tinagwirizana kuti tikoke waya wakewake wa galimoto yokha, ndipo kumapeto kwake tiikeko soketi yabuluu ya m'mafakitale, ya muyezo wa IEC 60309, imene ena amangoti CEE. Mapini ake ndi aatali, amalowa m'timapaipi timene timawakumbatira mozungulira monse, ili ndi chivundikiro choletsa fumbi ndi madzi chimene chimakolanso pulagi kuti isazuke, ndipo inapangidwira makina okoka magetsi tsiku lonse. Alamu anakonda zoika bokosi lotchajira la pakhoma, la mtundu wotchedwa Mode 3, limene ndilo njira yabwino koposa, koma mtengo wake tinaona kuti udikire chaka chamawa.

Pa waya, masamu amaloleza 2.5 mm², amene m'paipi amanyamula ma ampere 24 pa madigiri 30 ndi 17 pa madigiri 50. Ndinaona kuti 17 ili pafupi kwambiri ndi 16, ndipo ndinasankha 4 mm², amene ngakhale pa madigiri 50 amatsala ndi ma ampere oposa 22. Pa mamita 18 athu, wayayu amataya ma volt osakwana 3 ndi ma watt pafupifupi 42, poyerekeza ndi 110 a waya wakale uja. Ndinasinthanso njira yake kuti asadutse pansi pa malata koma atsate khoma la kum'mwera, limene dzuwa siliwomba kwambiri.

Pogula zipangizo ndinagwa m'mbuna kamodzi. Sitolo ina inandigulitsa waya wolembedwa 4 mm², koma nditafika kunyumba n'kusenda, ndinaona kuti chikopa n'chonenepa pamene chitsulo n'chowonda, ndipo nditapala ndi mpeni mtundu wofiira unachoka n'kuoneka choyera cha aluminiyamu. Ndinabweza, tinakangana pang'ono, ndipo ndinakagula kwina. Kuyambira tsopano ndizipita ku sitolo ndi mpeni m'thumba.

Sabata yachinayi, Loweruka

Ntchito yokoka waya inatenga tsiku limodzi ndi theka, ndipo palibe chachilendo chimene chinachitika. Pa bokosi ndinaika buleka ya ma ampere 20 ya galimoto yokha, kuti isamagwire ntchito pa malire ake enieni m'bokosi lotentha, pamodzi ndi chotetezera anthu cha RCD cha 30 mA cha mtundu A, chimene chimazimitsa magetsi akayamba kutayikira pansi. Kabokosi ka chingwe cha alamu kali ndi chozindikira magetsi otayika a 6 mA a DC, oyenda mbali imodzi ngati a batire, chimene chimafunika kuti RCD ya mtundu A isachite khungu. Chikanapanda kukhalapo tikanafunika ya mtundu B, imene ndi yodula kwambiri. Soketi yabuluu ndinatenga ya ma ampere 32 m'malo mwa 16, kuti igwirizane ndi buleka komanso kuti izigwira ntchito pa theka la mphamvu yake, ndipo pulagi ya Schuko ya pa chingwe ndinaisintha ndi yabuluu yofanana nayo. Ndisanadule ndinatsegula kaye kuti ndione ngati munali kachoyezera kutentha, popeza zingwe zina zimakhala nako m'pulagi ndipo wodula mosayang'ana amachotsa chitetezo kapena kupha chingwe chonse. Mu iyi munalibe, zimene zikufotokozanso chifukwa chake kabokosi sikanatsitse magetsi pamene soketi inkapsa.

Chimene chinandivuta ndi terra. Chitsulo chakale chinali chachifupi, chokhomedwa m'dothi louma ngati phulusa, ndipo muyezo wake sunandisangalatse. Tinakhoma zitsulo ziwiri zatsopano kuseri kwa bafa, kumene nthaka imakhala yachinyontho chaka chonse, n'kuzilumikiza ndi chakalecho.

Mnyamata wanga anafunsa momwe galimoto imadziwira kuti ikoke ma ampere angati, ndipo ndinamuonetsa kawaya kakang'ono ka m'mutu wa Type 1, ka control pilot. Kabokosi kamatumiza chizindikiro chothima n'kuyaka ka 1,000 pa sekondi, ndipo gawo la nthawi limene chikuyaka, likachulukitsidwa ndi 0.6, ndilo ma ampere ololedwa: magawo 10 pa 100 ndi ma ampere 6, ndipo pafupifupi 27 pa 100 ndi 16. Galimoto imakhulupirira chilichonse chimene kabokosi kanena, ndipo kabokosi kamakhulupirira chala cha amene wadina batani. Pa mndandanda wonsewu palibe amene amafunsa soketi ya pakhoma ngati ili ndi mphamvu. Tili pa ntchito yomweyo ndinakumbukira kuti m'chigawo chathu chino, ku Songo, damu la Cahora Bassa lili ndi makina opanga 2,075 MW, ndipo magetsi ake amayenda makilomita oposa 1,400 mpaka ku Apollo ku South Africa, koma za galimoto ya alamu wolamula ndi kachitsulo kopanira kochepa ngati chikhadabo.

Usiku tinayesa pa ma ampere 16 kwa maola asanu. Pulagi yabuluu inakhazikika cha pa madigiri 44, mpweya uli pa 35, ndipo waya m'paipi anali wofunda pang'ono chabe. Malo otentha koposa tsopano anali pa buleka m'bokosi, ndipo nditaunika ndinapeza sikuluu imodzi imene sindinamange mokwanira. Ndinazimitsa, ndinamanga, ndipo kutentha kunatsika.

Sabata yoyamba ya Novembala

Ndinabwerera Lachitatu kukaona momwe zikuyendera. Buleka yaikulu ya nyumbayi ndi ya ma ampere 32, ndipo Lolemba inagwa pamene galimoto inkakoka 16, achemwali ayatsa mbale ziwiri za chitofu cha magetsi, mwana n'kuwonjezera ketulo. Umenewu si mlandu wa soketi, ndi malire a nyumba yonse, ndipo tagwirizana kuti galimoto izilumikizidwa chakudya chamadzulo chikapsa. Alamu akuti mayunitsi a Credelec, magetsi olipiriratu, akutha mofulumira kuposa kale, monga mmene tinayembekezera, koma ndalama zake sizikufika zimene ankathira petulo.

Pakhoma, pamwamba pa soketi yabuluu, ndalemba ndi penti kuti masiku wamba adine 10, ndipo 16 ikhale ya usiku umene m'mawa mwake muli ulendo wautali. Masana dzuwa likuswa mtengo asapitirire 10, popeza kabokosi ka chingwe nako kamatentha, ndipo asamakasiye pa simenti yowombedwa ndi dzuwa koma azikapachika pa msomali umene ndakhoma mumthunzi. Alamu anandipempha kachingwe kakafupi kosinthira pulagi yabuluu kuti ilowe m'soketi wamba akapita kwa abale. Ndinazengereza, koma ndinawapangira, ndipo pa pulagi yake ndamatapo pepala lolembedwa 8 A ndi zilembo zazikulu. Ndinawauza kuti patatha theka la ola azikhudza pulagi ndi kuseri kwa dzanja, ndipo ngati sangathe kusiyapo dzanja, azule.

Soketi ya pakhonde ndaibwezeretsa yatsopano, ya simbi ya achemwali yokha, ndipo buleka ya waya wa 1.5 mm² uja ndaitsitsa kufika pa ma ampere 10. Zatsala ziwiri: kumanganso masikuluu onse mwezi ukatha, popeza mkuwa umakhazikika ukatentha ndi kuzizira kangapo, ndi kuyezanso terra mvula yoyamba ikagwa kuti ndiyerekeze ndi muyezo wa m'chilimwe. Pulagi yakale ya Schuko, imene pini yake imodzi inada, mnyamata wanga waitenga kuti akaonetse anzake ku sukulu ya zaumisiri.